Viza yatuluka koma akukubwezani pa Chileka: nkhani ya madeti imene ikuliza ophunzira chaka ndi chaka

Chaka chilichonse ikangofika Ogasiti foni yanga sipuma. Ana a anzanga, ana a kutchalitchi, ena oti sindikuwadziwa n'komwe angopatsidwa nambala ndi munthu wina, funso limakhala lomwelo, "anti viza yatuluka ndinyamuke liti?" kapena lopweteka lija, "anti ndagula kale tikiti koma pali kavuto." Ine ndinakaphunzira ku UK, ndinabwerako, ndimakhala konkuno ku Chilomoni, si ine ajenti ndipo sindilipiritsa munthu. Koma vutoli ndaliona kambirimbiri ndipo limandiwawa chifukwa limagwera ana amene alimbikira zaka, apeza malo, makolo agulitsa puloti, kenako zonse zikusokonekera pa kadeti kamodzi kamene akanangowerenga bwino.

Ndiyambe ndi mwana wa achemwali anga, chifukwa izi ndinaziona ndi maso angawa. Anapeza malo ku yunivesite ina ku England, sukulu imayamba pa 25 Sepitembala. Anzake pa gulu la WhatsApp anamuuza kuti lamulo ndi loti ukhoza kulowa kutatsala mwezi umodzi, ndiye iye anawerengera kuti kuyambira pa 25 Ogasiti ali bho, n'kugula tikiti ya pa 5 Sepitembala chifukwa inali yotsikirako mtengo. Tsiku la ulendo tinachita haya minibasi kuchokera ku Ndirande, agogo ake anabwera kuchokera ku Chiradzulu dzulo lake, sutikesi tinaikulunga pulasitiki, mkatimo ufa, usipa, botolo la Nali ndi masamba a tiyi a Chombe. Tinapemphera panja poimika magalimoto paja. Atafika pa kauntala mayi wa pamenepo anatsegula pasipoti, anayang'ana tsamba la viza nthawi yaitali ndithu, kenako n'kuloza ndi cholembera, "mwana wanga, viza yakoyi ikuyamba pa 13, lero ndi pa 5, sindingakukweze." Mwana anangoti zii, kenako misozi. Agogo samamvetsa chifukwa chimene sutikesi ikubwereranso mu minibasi.

Mayi ujayo sanalakwe chilichonse. Kampani ya ndege ikanyamula munthu amene alibe chilolezo cholowera imalipitsidwa chindapusa komanso imayenera kumubweza, ndiye olo mutalira bwanji, olo mutaitana bwana wake, yankho likhala lomwelo.

Chinachitika ndi ichi, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mudekhe muwerenge bwinobwino. Zoona, kwa maphunziro opitirira miyezi 6 a UK amalola kufika kutatsala mwezi umodzi, ndipo kwa maphunziro a miyezi 6 kapena yocheperapo ndi sabata imodzi yokha. Koma mwezi umodziwo ndi malire chabe, si lonjezo. Pa fomu ya viza pali funso loti mukufuna kudzafika liti ku UK, ndipo iwo poika deti yoyambira viza amayang'ana zinthu ziwiri, mwezi umodzi sukulu isanayambe, kapena masiku 7 isanafike deti imene inu munalemba pa fomu, n'kusankha imene ili kutsogolo pa ziwirizo. Mwana wathu analemba pa fomu 20 Sepitembala osaganizira n'komwe, amangofuna adutse pa tsambalo, ndiye kuchotsera masiku 7 viza inayamba pa 13. Deti anailemba yekha ndi dzanja lake miyezi iwiri m'mbuyomo ndi imene inadzamubweza pa Chileka. Ndiye mukamalemba fomu funso limenelo musalithamangire, ngati mukudziwa kuti mukufuna kukafika msanga lembani deti yoyambirira, simukakamizidwa kunyamuka tsiku lomwelo, mukhoza kunyamuka pambuyo pake.

Ngati zakuchitikirani kale, viza yatuluka ndipo deti yake ili kutsogolo kwa tikiti yanu, musayese zoti ndingopita ndikaonera konko. Sinthani tikiti basi. Imbirani kumene munagula tsiku lomwelo mwaona vutolo, chifukwa kusintha ndege isananyamuke kumakhala ndi kachindapusa ndi kusiyana kwa mtengo, pomwe mukadikira mpaka ndege ikusiyeni matikiti ambiri otchipa amangofera pomwepo. Ife tinalipira zambiri chifukwa tinadziwira pa eyapoti. Ngati mukuona kuti deti analakwitsa ndi iwowo, mwachitsanzo viza ikuyamba sukulu itayamba kale pomwe inu munalemba zolondola, uzani ofesi ya ophunzira akunja ya ku yunivesite yanu, iwo amadziwa njira yokonzetsera, koma muzichita muli konkuno musananyamuke.

Chinanso, imene amawerenga ndi deti yofikira osati yonyamukira. Ukanyamuka pa Chileka masana kudzera ku Addis Ababa kapena Johannesburg umakafika ku London m'mawa wa tsiku lotsatira, ndiye ena amati ndinyamuke pa 12 ndikafike pa 13 ndendende. Pa pepala zikhoza kutheka koma ine sindilimbikitsa, mukhoza kupeza munthu wa pa kauntala amene akungoona kuti lero viza sinayambe, mukangana naye mpaka geti kutsekedwa. Siyani katsiku kamodzi kapena awiri pakati, mtima ukhale m'malo.

Masiku ano zinthu zasinthako pang'ono. Mwana wathu anali ndi viza yochita kumata mu pasipoti, koma kuyambira pa 15 Julayi 2025 ophunzira sakupatsidwanso chomatacho, ndi eVisa, imene mumaiona mukatsegula akaunti ya UKVI, ofesi ya boma la UK yoona za maviza, pa intaneti. Izi zabweretsa vuto lina latsopano, munthu amalandira imelo yoti viza yavomerezedwa n'kuyamba kuimba nthungululu osatsegula akauntiyo. Tsegulani musanagule tikiti, onani madeti, onani kalembedwe ka dzina, onani kuti nambala ya pasipoti imene ili m'menemo ndi ya pasipoti imene mukuyendera. Amene mwapangitsa pasipoti yatsopano pambuyo pofunsira viza, ikaniso yatsopanoyo mu akauntimo. Ndipo sindikizani imeloyo pa pepala, netiweki ya pa foni siyodalirika nthawi imene ukuifunitsitsa.

Tsopano vuto la mbali inayo, limene limagwira anthu ambiri kuposa loyambali, kuchedwa. Sukulu yatsegulira, anzako akuika zithunzi ali m'kalasi, iwe uli ku Bangwe kudikira imelo. Apa funso loyamba limene ndimafunsa ndi loti munayamba liti, ndipo nthawi zambiri yankho limakhala loti timadikira ndalama zikwane kaye. Ndimamvetsa, koma tiyeni tiwerenge chobwerera m'mbuyo muone kuti masiku amathera pati.

Viza ya UK mukhoza kufunsira kutatsala miyezi 6 sukulu isanayambe, koma simungafunsire popanda CAS, nambala ija imene yunivesite imapereka ikatsimikiza kuti mwakwaniritsa zonse, ndipo mayunivesite ambiri sapereka musanalipire dipoziti. Yankho la viza nthawi zambiri limabwera pasanathe masabata atatu, koma masabatawo amayamba kuwerengedwa mukakapereka zidindo za zala ndi kujambulitsa, osati tsiku limene mwadina batani pa kompyuta. Ndipo zalazo timakapereka ku Lilongwe. Ife a ku Blantyre ndiye kuti ndi ulendo wa maola anayi kapena asanu pa basi kudzera ku Zalewa, Ntcheu, Dedza, ndipo ngati akupatsani nthawi ya m'mawa muyenera kukagona konko, musadalire basi ya m'bandakucha ya tsiku lomwelo makamaka nyengo zimene mafuta akuvuta. Mu Ogasiti malo amadzadza msanga chifukwa aliyense akufuna nthawi yomweyo.

Kenako pali kuyezetsa TB. Malawi ili pa mndandanda wa maiko amene munthu wopita ku UK kupitirira miyezi 6 ayenera kukhala ndi satifiketi, ndipo iyenera kuchokera ku chipatala chimene iwo anavomereza, osati chilichonse chimene chili ndi makina a x-ray, mndandanda wake uli pa gov.uk, webusaiti ya boma la UK. Satifiketiyo imagwira ntchito miyezi 6. Apa pali misampha iwiri, ukathamangira kuyezetsa mu Febuluwale kenako CAS n'kuchedwa mpaka kumapeto kwa Ogasiti satifiketi imakhala itatha, koma ukachedwanso, ndiye x-ray n'kuoneka ndi kachikaiko, amakutenga makhololo ndipo zotsatira zake zimatenga masabata ambiri, mpaka miyezi iwiri. Ine ndimati Meyi kapena Juni ndi nthawi yabwino kwa woyamba sukulu mu Sepitembala.

Nkhani ya ndalama ndiye imene imagwetsa anthu ambiri ndipo ndikhalapo pang'ono. Ngati mulibe wokulipirirani ngati Chevening kapena Commonwealth, amene kalata yawo imaimira umboni wa ndalama, muyenera kuonetsa kuti fizi yotsala ya chaka choyamba kuphatikiza ndalama yodyera ya miyezi 9 zakhala mu akaunti masiku 28 otsatizana, ndipo tsiku lomaliza la masiku 28 amenewo lisapitirire masiku 31 kufika tsiku lofunsira viza. Otsatizana ndiye kuti otsatizanadi. Ikangotsika ngakhale tsiku limodzi, mwina banki yadula kachaji kake ka pamwezi, mwina bambo anatapako kuti alipire maliro n'kubwezera mawa lake, kuwerenga kumayambiranso pa 1. Amalume akalonjeza kuti ayika ndalama pa 20 Ogasiti dziwani kuti simungafunsire viza mpaka chapakati pa Sepitembala, kuonjezera masabata atatu aja mwalowa kale mu Okutobala. Komanso ndalama ikakhala mu makwacha amaisintha kukhala mapaundi potengera mtengo wa tsiku limene mwafunsira. Amene mukukumbukira Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 pelesenti, munthu amene anali ndi ndalama yokwana ndendende anadzuka ili yoperewera osatapamo olo tambala. Ndiye ikani yopitirirako, musayeze ndi chingwe. Chiwerengero chenicheni cha ndalama yodyera chimasinthasintha ndipo cha ku London ndi chokwera kuposa cha kunja kwa London, tengani cha pa gov.uk tsiku limene mukuyamba kuwerenga masiku 28, osati chimene anakuuzani amene anapita chaka chatha.

Osayiwalanso kuti fizi ya viza ndi ndalama ya zaumoyo ija ya IHS, imene kwa ophunzira ndi £776 pa chaka, zimalipiridwa pa intaneti ndi khadi mu ndalama zakunja. Mmene forex ikuvutira muno, khadi kukana ndi chinthu cha tsiku ndi tsiku. Pitani ku banki kwanu kutatsala masabata, mutenge kalata ya sukulu, mufunse kuti malire a khadi yanu ndi angati ndipo angakukwezereni bwanji. Safunsa anadya phula, abale. Amene mukukachita masitazi kapena PhD ya zasayansi ndi zauinjiniya funsaninso ngati kosi yanu ikufuna ATAS, satifiketi ya chilolezo cha boma la UK chophunzirira makosi ena oterewa, imeneyonso imadya masabata ake payokha ndipo iyenera kutuluka musanafunsire viza.

Nanga ngati zonsezi zachedwa kale, mutani? Choyamba musabisale. Ana athu ambiri amachita manyazi kulembera sukulu, amaona ngati akalemba ndiye kuti adziulula. Yunivesite iliyonse imakhala ndi deti yomaliza yolembetsera, nthawi zambiri imalembedwa pa CAS pomwepo, ipezeni muilembe pa khoma. Mukaona kuti simukwanitsa lembani imelo nthawi yomweyo, muike nambala yanu ya ophunzira, nambala ya CAS, tsiku limene munapereka zala, mupemphe kuti akuonjezereni masiku. Akavomera akupatseni cholembedwa ndipo muchinyamule m'manja pa ulendo. Akakana musakwere ndege, olo viza itatuluka, chifukwa sukulu ikakuchotsani imauza a Home Office, unduna woona za olowa ndi otuluka ku UK, ndipo viza ija imadulidwa, mukakhala mwataya tikiti ndi lendi pachabe. Pamenepo njira ndi kupempha kuti akusungireni malo mpaka Januwale ngati kosiyo imayambanso nthawi imeneyo, kapena chaka chamawa, kumene kudzafunike CAS yatsopano ndi viza yatsopano. Zimapweteka, ndakhalapo ndi mwana pa khonde pano akulira nkhani yomweyi, koma anapita chaka chotsatiracho ndipo pano anamaliza.

Za ku America mwachidule, chifukwa kumeneko lamulo ndi losapita m'mbali. Wophunzira watsopano wa viza ya ophunzira ya F-1 saloledwa kulowa kutatsala masiku opitirira 30 kuti ifike deti yoyambira imene ili pa I-20, fomu imene sukulu ya kumeneko imakutumizirani, ngakhale viza itatuluka kalekale, poti ikhoza kuperekedwa kutatsala masiku mpaka 365. Anthu amasokonezeka pomwepa, amaona viza yayamba kale kugwira ntchito n'kuganiza kuti khomo latseguka. Ngati I-20 ikuti 20 Ogasiti, tsiku loyambirira kulowa ndi 21 Julayi, werengani masiku pa kalendala ndi chala osati kungoti mwezi umodzi. Mukachedwa lankhulani ndi DSO, woona za ophunzira akunja pa sukulupo, akusinthireni deti pa I-20, musangopita ndi yakale. Koma kuyambira 2025 boma la America lakhala likukhwimitsa kwambiri malamulo a maviza kwa a Malawi, ndiye musanalipire $350 ya SEVIS, kaundula wawo wa ophunzira akunja, kapena china chilichonse onani kaye pa webusaiti ya ofesi ya kazembe wawo ku Lilongwe ngati akupereka maviza a ophunzira pa nthawi imene mukufunsirayo.

Ku South Africa msampha wake ndi wina. Poti ife timalowa popanda viza kwa masiku 30, ena amati ndingopita ndikalembetse kaye, viza ya sukulu ndikakonzera konko. Sizitheka, mlendo wongocheza saloledwa kusintha kukhala wophunzira ali mkati mwa dzikolo, muyenera kufunsira muli kuno, ndi inshuwalansi ya chipatala yovomerezeka ya konko ndi kalata ya kupolisi. Sukulu zawo zimayamba chakumayambiriro kwa chaka, ndiye Disembala maofesi akamayenda pang'onopang'ono inu mukhale mutapereka kale. Ku China ndi ku India wotchi imayamba mukafika, ku China wa viza ya ophunzira ya X1 ayenera kufunsira chilolezo chokhalira pasanathe masiku 30 chilowereni, ndipo ku India wa viza yopitirira masiku 180 alembetse ku FRRO, ofesi yolembetsa alendo, pasanathe masiku 14. Mukafika msanga kwambiri ofesi ya sukulu isanatsegule, masiku amenewo akungotha.

Njira imene ndege ikudutsa nayonso muziyang'ana, osangoona mtengo. Kudzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg n'kulunjika kumene mukupita sikuvuta. Koma tikiti yotchipa imene ikuima kawiri m'maiko a Schengen, gulu la maiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, tinene Frankfurt kenako Paris, ndiye kuti mukulowa m'dera lawo ndipo pakufunika viza ya Schengen. Kupita ku Canada kudzera ku America kumafuna viza ya America olo mutangosintha ndege. Ndipo matikiti awiri osiyana amene mwalumikiza nokha ndi oopsa, ndege yoyamba ikachedwa yachiwiri siikudziwani, komanso mungafunike kutuluka kukatenga katundu m'dziko limene mulibe chilolezo cholowa.

Pali chinthu china chimene makolo sachiganizira akamati mwana apite msanga akazolowere. Chipinda cha ku hositelo chili ndi deti yakenso. Ukafika kutatsala masabata atatu kontilakiti isanayambe ugona kuti? Hotela ya ku England ya usiku umodzi ikhoza kudya ndalama ya chakudya ya sabata yonse. Kwa ine nthawi yabwino ndi masiku asanu mpaka sabata imodzi isanayambe sabata yolandirira ophunzira atsopano, ukafike pakati pa sabata masana maofesi ali otsegula, osati Lamulungu usiku uli ndi masutikesi awiri ndi foni yopanda layini ya konko. Sukulu zambiri zimatumiza basi ku eyapoti pa masiku ena ake, funsani masikuwo musanasankhe ndege. Juzi ikhale m'chikwama cha m'manja limodzi ndi pasipoti, CAS, satifiketi ya TB, kalata ya malo ogona ndi mapepala a ku banki, zimenezi zisalowe mu sutikesi yaikulu.

Ndikudziwa chimene chimakankha anthu kugula tikiti msanga, mitengo ya Sepitembala imakwera tsiku ndi tsiku ndipo wogulitsa amakuuza kuti mipando yatsala iwiri. Ngati simungathe kudikira, gulani imene imalola kusintha deti, mufunse kuti kusinthako ndi ndalama zingati ndipo akulembereni, kapena mupemphe akusungireni mpando kwa masiku angapo musanalipire. Amene muli pa Chevening musagule nokha, iwo ali ndi dongosolo lawo la matikiti.

Mwana wa achemwali uja tinamusinthira tikiti kukhala ya pa 15. Ulendo wachiwiriwu sitinachite haya minibasi, tinapita anthu atatu pa galimoto ya aneba, agogo anali atabwerera kale kumudzi poti sakanasiya mbuzi masiku onsewo. Usiku wake tinakhala pa tebulo ine ndi iye, pasipoti apa, tikiti apa, kalata ya hositelo apa, tikuwerenga deti iliyonse mokweza mmodzi akuloza mnzake akuvomera. Pa kauntala tinapezanso mayi yemwe uja, anamuzindikira, anayang'ana tsamba lija n'kumwetulira, "lero ndiye upita mwana wanga," n'kumata kapepala pa sutikesi.